Nzimbe tili nazo pakhomo, nanga pikapu yathu ikugoneranji pa mzere wa petulo?

Mafuta a galimoto akasowa m'dziko muno, anzathu a m'tauni amadandaula za mizere ndi kuchedwa ku ntchito. Kuno kuchigwa madandaulo ake ndi ena. Makakana ndi milamba zimawolera m'madengu pa doko, mbatata ya kudimba yokumbakumba imafota pa dzuwa, ndipo mayi woyembekezera amene wayamba kudwala pakati pa usiku amadikira galimoto yomwe mwini wake wapita kukagona pa mzere ku Nchalo. Tinaziona mu 2011 ndi 2012, tinazionanso mu 2022, ndipo kumapeto kwa 2024 zinabweranso. Gwero lake silisintha: petulo ndi dizilo timagula kunja, ndipo ndalama zakunja zikachepa, mathanki amauma.

Amene amakhala m'mbali mwa dambo la Elephant Marsh, lija akale ankalitcha Dabanyi, amalimva vutoli kawiri. Kutsidya la kum'mawa, kuchokera pa Thabwa kudzera ku Livunzu mpaka ku Muona ndi ku Makhanga, galimoto yomwe anthu amaidalira ndi pikapu yakale ya matola. Ndiyo minibasi, ndiyo lole, ndiyo ambulansi yopitira ku chipatala cha Trinity. Chidukireni msewu pa Mtayamoyo mu 1997, wofuna kuoloka kuchokera ku Makhanga kupita ku Bangula amakwera bwato kapena boti, ndipo boti la injini nalonso limamwa petulo yemweyo.

Chodabwitsa n'chakuti mukangooloka mlatho wa Kamuzu n'kufika pa Dyeratu, mumakhala mwayandikira fakitale yomwe imapanga mafuta oyendetsera galimoto kuchokera ku nzimbe za m'chigwa chathu chomwechi. Choncho funso lomwe amayi ena amafunsa m'magulu mwathu si lachibwana: kodi pikapu yakale ya gulu, ya parishi kapena ya bambo a kunyumba singasinthidwe kuti iziyendera mafuta a nzimbewa, tisiyane nayo mizere?

Yankho lake ndi lakuti zimatheka, ndipo zinachitikapo kale m'Malawi muno. Koma musanatsegule bokosi la banki mkhonde, tamvani nkhani yonse.

Mafuta ochokera ku zotsalira za shuga

Mafutawa dzina lake ndi ethanol. Amene munaonapo kachasu akutchezedwa, njira yake mukuidziwa kale. Nzimbe zikafinyidwa ku fakitale ya Illovo ku Nchalo, madzi ake amawiritsidwa mpaka shuga atatuluka, ndipo pamatsala chiphalaphala chakuda, chonata, chotchedwa molasesi. Chimenechi amachisungunula ndi madzi, kuthiramo yisiti, n'kuchisiya kuti chisase. Kenako amatcheza. Kusiyana kwake n'kwakuti kachasu wa m'mudzi, ngakhale wa mutu weniweni, amakhala ndi madzi ambiri, pomwe makina a ku fakitale amatcheza mpaka kufika magawo 96 pa 100 alionse. Kupitirira pamenepo kutcheza kokha sikuthandiza. Pamafunika makina ena ochotsa madzi otsalawo kuti ethanol afike pa magawo oposa 99, ndipo uyu ndi amene amasakanizika bwino ndi petulo. Ndanena izi dala, chifukwa pali anthu amaganiza kuti angathire kachasu m'thanki. Imeneyo ndi njira yachidule yophera injini.

Dziko la Malawi lidayamba kalekale ntchito imeneyi, mayiko ambiri a mu Africa asanaiganize n'komwe. Fakitale yoyamba, ya Ethanol Company, idatsegulidwa ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota mu 1982. Nthawi imeneyo mafuta anali atakwera mtengo pa dziko lonse, ndipo m'zaka zomwezo nkhondo ya ku Mozambique idatseka njanji ya ku Beira, ija inkadzera kwathu kuno ku Nsanje. Fakitale yachiwiri, ya PressCane, idayamba kupanga ethanol kuno ku Chikwawa mu 2004. Zonse ziwiri zili pansi pa Press Corporation.

Kuyambira 1982, petulo wa m'Malawi wakhala akusakanizidwa ndi ethanol, nthawi zina magawo 10 pa 100, nthawi zina mpaka 20, malinga ndi kuchuluka kwa ethanol amene alipo. Ndiye kuti njinga yamoto ya kabaza yomwe munakwera popita ku sikelo inkayendera kale nzimbe pang'ono, inu osadziwa.

Boma lidafuna kupitirira pamenepo. Mu 2006, akatswiri a pa Lilongwe Technical College adasintha galimoto yakale ya mtundu wa Mitsubishi Pajero kuti iziyendera ethanol yekha, wopanda dontho la petulo, ndipo adaiyesa pa maulendo ataliatali m'misewu ya dziko lino. Idayenda. Mu 2007 kudabwera galimoto ya Ford EcoSport kuchokera ku Brazil, yopangidwa kale kuti izimwa petulo, ethanol, kapena zonse zosakaniza mulimonse. Ku Brazil kumeneko ndi kumene nkhaniyi idakhwimira: boma lawo lidayambitsa ndondomeko ya mafuta a nzimbe mu 1975, galimoto yoyendera ethanol yekha ya Fiat 147 idatuluka mu 1979, ndipo kuyambira 2003 adayamba kugulitsa galimoto zomwa zonse ziwiri. Lero dalaivala wa ku São Paulo akafika pomwetsera mafuta amayang'ana mitengo iwiri n'kusankha.

Zomwe makaniko ayenera kusintha

Choyamba, funsani kuti pikapuyo ndi ya petulo kapena ya dizilo. Ngati ndi ya dizilo, monga momwe zilili galimoto zambiri za m'maparishi ndi m'zipatala zathu, nkhani yathera pomwepo. Injini ya dizilo imayatsa mafuta mwa kuwapanikiza, ndipo ethanol sayaka bwino mwa njira imeneyo. Komanso ndi wouma, sapaka pampu ya dizilo monga amachitira dizilo, choncho pampuyo imadyeka. Tikukamba za mapikapu a petulo okhala ndi kabuleta, monga Toyota Hilux zakale, Nissan 1400 zija zinkachokera ku South Africa, ndi Peugeot 504 zomwe zikadalipo apo ndi apo.

Kabuleta ili ngati mayi pa mtondo wa thobwa: ntchito yake ndi kuyeza kuti madzi akhale ochuluka bwanji pa ufa wochuluka bwanji. Iyo imasakaniza mpweya ndi mafuta. Petulo amafuna makilogalamu 14.7 a mpweya pa kilogalamu imodzi ya mafuta kuti apse bwino. Ethanol amafuna makilogalamu 9 okha, chifukwa mwa iye yekha muli kale mpweya wina wothandiza kuyaka. Tanthauzo lake n'lakuti pa mpweya womwewo umene injini imakoka, pafunika kulowa ethanol wochuluka kwambiri kuposa petulo. Mafuta amalowera pa timabowo ting'onoting'ono ta m'kabuleta totchedwa majeti, ndipo makaniko ayenera kuika majeti okulirapo. Akapanda kutero, injini imayenda ndi njala: imatsokomola, imakanika kukwera chitunda cha Thabwa, imatentha, ndipo pakapita nthawi mavavu amapsa. Pano mpofunika makaniko wodziwa kuyeza, osati wongotenga msomali n'kuboola jeti mwa diso. Bowo likakula mopitirira silibwereranso, ndipo galimotoyo ikadzabwerera ku petulo idzakhala ikumwa ngati chidakwa, utsi wakuda uli tolotolo.

Apa pali mfundo imene ambiri saiganizira. Pikapu ya kabuleta ikasinthidwa, yasinthidwa. Singamwe ethanol lero, mawa petulo, popanda makaniko kumasulanso. Galimoto zatsopanopo, zopopera mafuta ndi kompyuta, zimatha kuikidwa kabokosi kowonjezera komwe kamauza zopoperazo kuti zitsegule nthawi yotalikirapo, koma pikapu yathu yakale ilibe kompyuta yoti n'kuiuza kanthu.

Chachiwiri ndi nthawi yoyatsira moto m'injini. Ethanol amapirira kupanikizidwa kuposa petulo, choncho makaniko amatha kusuntha disitibyuta kuti mapulagi aziyatsa mofulumirako pang'ono. Zikakonzedwa bwino, injini imakoka mwamphamvu ndipo imalira mosalala. Uwu ndi ubwino weniweni wa mafutawa, pamodzi ndi kuchepa kwa mwaye m'kati mwa injini.

Chachitatu, ndipo apa ndi pamene pamathera ndalama, ndi njira yonse yomwe mafuta amadutsa. Galimoto zakale zidapangidwa ndi labala amene sagwirizana ndi ethanol wambiri. Mapaipi a labala amafewa kapena kuuma n'kung'aluka, kachikopa ka m'pampu ya mafuta kamabooka, magasiketi a m'kabuleta amayamba kudontha. Zonsezi ziyenera kuchotsedwa n'kuikapo zolimbana ndi ethanol. Chitsulo chofewa chomwe adaumbira kabuleta nachonso chimadyeka pang'onopang'ono, makamaka ngati mafuta ali ndi madzi. Ndipo ethanol amakoka madzi ngati mchere wa m'chikombe nthawi ya dzinja. Kuno kwathu, kumene chinyezi cha m'dambo chimakhala m'mlengalenga ndipo galimoto zimaoloka mitsinje yosefukira, chitsekero cha thanki chosatseka bwino chimasanduka vuto lalikulu.

Palinso litsiro. Thanki yomwe yamwa petulo zaka makumi atatu imakhala ndi dzimbiri ndi phula pansi pake. Ethanol amatsuka zonsezo n'kuzikankhira kutsogolo, ndipo fyuluta imatsekeka galimoto ili pakati pa ulendo. Wanzeru amatsitsa thanki n'kuitsuka asanayambe, ndipo masabata oyamba amayenda ndi mafyuluta apadera m'galimoto.

Pa chinthu chimodzi chokha ife a kuchigwa tili ndi mwayi. Ethanol amavuta kulizira injini kukazizira, chifukwa kutentha kukatsika pansi pa madigiri 13 satulutsa nthunzi yokwanira kuyaka. Ku Dedza kapena ku Mzuzu mu June limenelo ndi vuto, ndipo ku Brazil galimoto zambiri zinkakhala ndi kathanki kakang'ono ka petulo kongolizira m'mawa. Ku Ngabu ndi ku Bangula, kumene mu October munthu amasowa pothawira, kathanki kameneko sikangagwire ntchito masiku ambiri pa chaka.

Tiwerengere limodzi

Lita imodzi ya ethanol ili ndi mphamvu yochepa poyerekeza ndi lita ya petulo, pafupifupi magawo awiri mwa atatu. Tiyerekeze kuti pikapu yanu imayenda makilomita 10 pa lita ya petulo. Ikasinthidwa idzayenda pafupifupi makilomita 7. Ulendo wa makilomita 100 umene unkatha malita 10 udzafuna malita 14 kapena 15, ndipo thanki yodzaza idzakusiyani pafupi kuposa kale, chinthu chofunika kuchiganizira kutsidya la kum'mawa kumene malo omwetsera mafuta ndi osowa. N'chifukwa chake madalaivala a ku Brazil ali ndi lamulo lawo la m'mutu: amagula ethanol pokhapokha mtengo wake usapitirire magawo 70 pa 100 a mtengo wa petulo. Kunena mwa kwathu, pa K1,000 iliyonse ya petulo, ethanol azigulidwa pa K700 kapena kutsika. Akapitirira pamenepo, mukuluza, ngakhale mtengo wolembedwa pa pampu ukuoneka wotsika. Msungichuma wa gulu alembe zimenezi pa chikuto cha kope lake, chifukwa tsiku lina adzabwera munthu wa pakamwa potsekemera kudzanena kuti mafuta ake ndi otchipa.

Tsono tifike pa fupa lenileni. Mutasintha pikapuyo lero, ethanol mukamugula kuti? Pitani pomwetsera mafuta pa Dyeratu, ku Nchalo, ku Ngabu kapena ku Bangula: mupeza pampu ya petulo, ya dizilo, mwina ya palafini. Pampu ya ethanol palibe. Papita zaka zambiri chiyendereni Pajero ija, koma mafuta ake sanafike kwa munthu wamba. Ethanol wa m'mafakitale athu amagulidwa ndi makampani a mafuta kuti asakanize ndi petulo, wina amapita ku zipatala, ku mafakitale ena ndi kwa opanga zakumwa. Kugulitsa mafuta a galimoto kumafuna chiphaso cha bungwe la MERA, ndipo munthu sangangofika pa geti ya fakitale ndi zigubu.

Chotchinga chachikulu ndi molasesi. Tani imodzi ya nzimbe imasiya molasesi wokwana makilogalamu pafupifupi 40, ndipo ameneyu amatulutsa malita 10 okha a ethanol, kapena kuposerapo pang'ono. Molasesi amapezeka malinga ndi shuga amene wapangidwa, ndipo nzimbe zimadulidwa nyengo yopanda mvula yokha. Choncho ethanol amene alipo amavuta kukwanira ngakhale pa kusakaniza komwe kwa magawo 20 kuja. Njira ina ndi kufinya nzimbe zonse kuti zipange ethanol osachotsamo shuga, ndipo pamenepo tani imodzi imatha kupereka malita 70 kapena 80. Koma kutero kumafuna minda ina ya nzimbe, ndi madzi ena othirira.

Nkhaniyi ikafika pamenepa yalowa m'munda mwa amayi. Minda ya nzimbe ya ku Nchalo idayamba m'zaka za m'ma 1960, ndipo alimi a ku Kasinthula ndi ku Phata aonetsa kuti anthu a m'midzi akhoza kupeza ndalama mu nzimbe akagwirizana. Ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, yochokera ku Kapichira, ikufuna kuthirira malo ena ambiri. Zimenezi zikhoza kubweretsa ntchito ndi ndalama. Koma nzimbe zimamwa madzi chaka chonse, ndipo madziwo ndi a Shire yemweyo amene amadzaza dambo. Dambo la Elephant Marsh, lomwe mu 2017 lidalowa m'kaundula wa madambo ofunika pa dziko lonse wa Ramsar, ndi nkhokwe yathu: limatipatsa nsomba, chimanga ndi mbatata za kudimba madzi akaphwa, msipu wa ng'ombe, ndiponso nyika yomwe imapulumutsa mabanja chaka cha njala. Njovu zomwe David Livingstone adaziona kuno mu 1859 zidatha kalekale. Dimba lisatsatire njovuzo. Kwa ine, pamene mfumu ndi komiti akukambirana zopereka malo kuti alimepo nzimbe, mayi amene amalima malowo ayenera kukhala pa mkeka womwewo, dzina lake lilembedwe, ndipo afunse poyera kuti chakudya cha ana chidzalimidwa pati.

Palinso madzi otsala. Pa lita iliyonse ya ethanol pamatsala malita oposa 10 a madzi akuda, onunkha. Akasamalidwa bwino amasanduka manyowa, chifukwa ali ndi michere yothandiza mbewu, ndipo amatha kutulutsa gasi wophikira. Akatayikira mu mtsinje amamaliza mpweya wa m'madzi ndipo nsomba zimafa. Anthu okhala pafupi ndi fakitale ya ku Dyeratu akhala akudandaula za madzi amenewa, ndipo nkhani zawo zatulukapo m'manyuzipepala. Aliyense wonena za kuchulukitsa ethanol anene kaye za kumene madziwa azipita, makamaka m'chigwa chomwe chimasefukira ngati momwe tidaonera mu 2015, pa namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023.

Chigubu cha kuchipinda

Mafuta akasowa, ambiri amagula a m'zigubu n'kukabisa m'nyumba, nthawi zina kunsi kwa bedi komwe ana amagona. Petulo ndi woopsa kale, chifukwa nthunzi yake imayenda pansi ndipo imatha kukafika pa mbaula kapena koloboyi ili patali. Ethanol ali ndi msampha wake wina: lawi lake ndi lobiriwira mofooka, ndipo masana pa dzuwa silioneka bwino. Munthu amatha kuponda pamoto akuyesa kuti pazima. Moto wa mafuta musauthire madzi a m'ndowa, chifukwa mumangoumwaza. Uphimbeni ndi mchenga kapena dothi. Munthu akapsa, thirani madzi ozizira aukhondo pa balapo kwa mphindi 20, musapakepo dzira, mankhwala a m'mano kapena mafuta ophikira, phimbani ndi nsalu yoyera, ndipo thamangirani ku chipatala, kaya ndi ku St Montfort ku Nchalo, ku Kalemba ku Bangula, ku Trinity, kapena cha boma chomwe muli nacho pafupi.

Chenjezani anyamata amene amakoka mafuta m'thanki ndi paipi ya pakamwa. Petulo pang'ono chabe akalowa m'mapapo amayambitsa chibayo choopsa. Wina akameza petulo kapena palafini, musamusanzitse, chifukwa posanza ndi pamene mafutawo amalowera m'mapapo. Mwana amene wamwa palafini wosungidwa m'botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi apite naye ku chipatala ngakhale akuoneka ngati ali bwino.

Ndipo ethanol wa galimoto si mowa. Amathiramo dala petulo kapena mankhwala ena kuti asamwedwe, ndipo ena mwa mankhwala otere amachititsa khungu kapena kupha kumene. Ife amene tidaona momwe timasacheti tidawonongera ana a sukulu tisanyengedwe ndi wina wonena kuti angosungunula ndi madzi.

Nanga pikapu ija tiitani? Pakadali pano, musaboole majeti. Ndalama imene mukadalipira posintha injini ipite ku zinthu zomwe galimoto yakale ikuzifuna kale, popeza petulo amene ikumwa ali ndi ethanol ndithu. Muuzeni makaniko ayang'ane mapaipi onse a labala kuchokera ku thanki mpaka ku kabuleta, ndipo olimba ngati nkhuni kapena ofewa ngati phala achotsedwe. Asinthe fyuluta, aone ngati pampu sikudonthetsera mafuta mu oyilo, ndipo agule chitsekero cha thanki chotseka bwino m'malo mwa chisanza ndi pulasitiki. Galimoto ikakhala miyezi osayenda, monga zimachitikira msewu ukaduka m'dzinja, petulo wosakaniza amatha kulekana, madzi ndi ethanol n'kukhala pansi pa thanki. Ameneyo akhuthulidwe injini isanalizidwe. Eni maboti a pa Mtayamoyo ndi eni mapampu othirira kudimba achite chimodzimodzi, ndipo akamaliza ntchito azitseka kampopi ka mafuta n'kuisiya injini ilire mpaka kabuleta itauma. Mapaipi amene mukuika lerowo, uzani wa m'sitolo akupatseni olembedwa kuti amalimbana ndi ethanol, ndipo risiti yake isungidwe m'kope la gulu.